Amayi akufunsa ine ngati abzale

Foni inalira Lachiwiri madzulo, ndili pa mbaula kuphikira ana. Anali amayi. Masiku onse timayamba ndi moni wautali, za ana, za mwendo wawo umene umawavuta, za maliro a m'mudzi. Tsiku limenelo anangoti, "Iwe, kuno yagwa usiku wathawu, yokwanira ndithu. Taona pa foni yakoyo, a zanyengo akuti bwanji? Ndibzale kapena ndidikire?"

Ndinasowa choyankha mpaka ndiwo zinayamba kupserera.

Amayi apitirira zaka 70. Munda umene akulima kwa Mwambo ku Zomba, chakumunsi kwa mtsinje wa Likangala, anauyamba ine ndisanabadwe. Ine khasu ndinalisiya nditapita ku sekondale, ndipo lero ndimakhala ku Zingwangwa mu Blantyre, kumene dimba langa ndi ndowa ziwiri za mpiru kuseri kwa nyumba. Ndiye amayi amenewo afunse ine tsiku lobzala? Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga.

Ndikukula, kalendala ya pakhomo pathu anali amayi. Dzuwa likafika poswa mtengo mu Okutobala, nyenje zikulira mpaka makutu kuwawa, iwo ankayang'ana mitengo. Ikaphuka masamba anthete ofiirira aja, ankati yayandikira. Kenako inkabwera chizimalupsa, mvula ya tsiku limodzi kapena awiri yozimitsa moto wa m'tchire ndi kugoneka fumbi. Pa imeneyo palibe ankabzala. Inali yongochenjeza aulesi kuti amalize kugalauza. Mphepo ikatembenuka n'kuyamba kuchokera kumpoto, anamzeze akuuluka motsika, achule ayambitsa phokoso kudambo, amayi ankakwera pampando n'kutsitsa chimanga cha mbewu chimene chinkapachikidwa kudenga la kukhitchini, chakuda bii ndi mwaye. Usiku tinkatonola m'lichero, njere za kunsonga ndi kutsinde n'kuika padera, zapakati zokha ndizo zopita kumunda.

Mvula yobzalira ikagwa, ankalawirira kumunda okha. Ankapisa dzanja m'nthaka mpaka pamkono, n'kufinya dothi. Likagwirana osayoyoka, ankabwerera kudzatidzutsa. Ndimakumbukira anthu oyandikana nafe akuitanizana kuti, "Kwa aujeni ayamba kubzala, tiyeni." Kawirikawiri unkakhala mwezi wa Novembala, pakati kapena chakumapeto. Khirisimasi inkatipeza tikupalira, Januwale tikubandira, ndipo ngakhale Febuluwale ankakhala mwezi wowawa, nkhokwe itatsala pansi, nkhwani ndi maungu zinkatifikitsa pa dowe.

Ife ana tinali ndi kalendala yathuyathu mkati mwa ya amayiyo. Mvula yoyamba ikanyowetsa chulu, tinkadziwa kuti ngumbi zili pafupi. Achimwene ankalambula pachulu masana, n'kukumba kadzenje n'kukwiriramo mphika wakale, pamwamba n'kufunditsa udzu. Madzulo zikayamba kutuluka, mudzi wonse unkakhala piringupiringu, wina ndi muuni, wina ndi beseni la madzi, mapiko akumatirira kumaso ndi m'tsitsi. Amayi ankazikazinga m'chiwaya ndi mchere wokha, mafuta ake zinali nawo zokha. M'mawa mwake tinkapita ku sukulu milomo ikunyezimira, zina zili m'thumba la yunifolomu. Pambuyo pa ngumbi kunkabwera bowa, utale ndi manyame, achemwali akundiphunzitsa wodyedwa ndi wakupha. Masuku ankatsika kuchokera kumapiri m'madengu. Chilichonse chinali ndi nthawi yake, ndipo chinkasunga nthawiyo.

Ndisaname, kale nakonso kunali zaka zoipa. Agogo ankasimba za njala ya 1949. Ine ndemwe ndinadya nsima yachikasu ya chimanga cha thandizo pa chilala cha 1992, ndipo njala ya 2002 inatenga anthu amene ndinkawadziwa mayina. Koma zaka zoterozo zinkabwera motalikirana, moti anthu ankawerengera nazo zaka za ana: uyu anabadwa chaka cha chimanga chachikasu. Tsopano tayesani kuwerenga. Januwale 2015, madzi osefukira. 2016, chilala. Malichi 2019, namondwe Idai. 2022, namondwe Ana mu Januwale, Gombe mu Malichi. 2023, Freddy. 2024, ng'amba ya El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumachepetsa mvula kuno. Munthu asanamalize kumata khoma limene lagwa chaka chino, chaka chamawa dzuwa lamuwotchera munda. Mbuzi imene akanagulitsa kuti adzuke nayo anaigulitsa kale pa tsoka lapitalo.

Chimene chinathyola mtima wa amayi ndi dzinja la 2023 kulowa 2024. Anachita zonse monga amachitira. Mvula itagwa yamphamvu, anapisa dzanja, dothi linagwirana, anabzala. Chimanga chinamera bwino. Kenako kumwamba kunayera mbee, masabata awiri opanda ngakhale kamtambo, ndipo timbewu tija tinapserera tili ndi masamba atatu. Ndinatumiza ndalama pa foni, anagula mbewu ina, anabzalanso mu Disembala. Januwale anayenda bwino, anathira feteleza amene tinasonkherana ndi achimwene, wogula movutikira chifukwa kwacha inali itangotsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala. Febuluwale, chimanga chikumasula, nthawi imene chimafuna madzi koposa, mvula inadula.

Ndinapita kumudzi kumapeto kwa mwezi umenewo. Tinalowa m'munda cha m'ma 10 koloko m'mawa. Masamba anali atapindika ngati a anyezi, otuwa, ukawakhudza akulira tswatswa. Ngayaye zinali zitauma ndevu zisanatuluke bwino. Amayi anathyola chisononkho chimodzi n'kusenda: njere zisanu ndi ziwiri, zomwazikana ngati mano a nkhalamba. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anachiika m'thumba la chitenje ngati chinthu chofunika kusunga. Pobwerera anandiuza kuti, "Mwana wanga, nthaka ndimaidziwa, koma kumwambaku sindikukudziwanso." Munda umene pa chaka chabwino unkatipatsa matumba oposa 20 unatulutsa atatu. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko lino ali pa ngozi ya njala, ndipo Zomba inali momwemo.

Pamwamba pa zonsezo pali mbozi za ntchemberezandonda zamtundu watsopano zija, zimene zinafala cha m'ma 2017 ndipo sizinachokenso. Zimabisala mumtima mwa chimanga, ndipo zimakondwa kukakhala ng'amba. Amayi amayenda phando ndi phando kuthira dothi losakaniza ndi phulusa pamtima pa chimanga chilichonse, msana uli wowerama tsiku lonse.

Ku nyanja nako nkhani ndi yomweyo. Amalume ndi msodzi wa pa Chilwa, wokocheza pa Kachulu kuyambira unyamata wawo. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ndi yosaya, moti bwato amaliyendetsa ndi mponda wansungwi wofika pansi. Imadalira mitsinje ngati Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe, ndipo mvula ikachepa zaka ziwiri zotsatizana, dzuwa limaimwa. Ndikayamba kulankhula za kusintha kwa nyengo, amalume amandidula. Amati, "Mphwanga, nyanja iyi inauma 1968 ndili kamnyamata. Inaumanso 1995, anthu n'kumayenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi. Imapita, imabwera." Akunena zoona, ndipo sindiwatsutsa. Koma ndimawafunsa kuti awerenge okha: kuchoka 1968 kufika 1995 ndi zaka 27. Kenako inaphwera kwambiri 2012, n'kudzaphweranso 2018. Pamenepo amangoyang'ana kumbali n'kunena kuti matemba a masiku ano ndi ochepa, ndipo makumba akuluakulu aja sakuonekanso.

Mu 2018 ndinaona ndi maso anga mabwato atagona pamatope ong'ambika, kutali ndi madzi, akhwangwala atatera pamwamba. Nyanja ikauma savutika asodzi okha. Amayi owamba ndi kugulitsa nsomba, anyamata onyamula katundu pa doko, olima mpunga m'madambo, otchera mbalame m'mabango, onsewo amakhala manja lende nthawi imodzi. Mwana wa amalume woyamba anagulitsa ukonde chaka chimenecho n'kugula njinga, ndipo mpaka lero amapalasa kabaza mu tauni ya Zomba. Madzi anabwerera ndi mvula ya Idai, koma iye sanabwerere.

Za Freddy ndimavutika kulemba, koma sindingazilumphe.

Namondwe ameneyu anayambira kutali kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, n'kuwoloka nyanja yonse ya India, n'kukhala moyo kopitirira mwezi, zimene akatswiri akuti sizinaonekepo. Anatera kachiwiri ku Mozambique, kufupi ndi Quelimane, pa 11 Malichi, ndipo mvula yake inatipeza ife. Poyamba tinkati ndi mvumbi wamba. Inagwa usana ndi usiku osapumira, yolemera, mphepo ikukankha chitseko. Magetsi anazima. Madzi anayamba kutumphuka pansi pa simenti m'chipinda cha ana. Lolemba pa 13 Malichi tinamva kuti phiri la Soche lagumuka, matope ndi miyala zatsikira pa nyumba za anthu ku Chilobwe, mtunda woyenda pansi kuchokera pakhomo pathu. Ndinapitako mvula itachepa. Miyala ina inali yaikulu ngati minibasi, itakhala pamene panali nyumba. Anthu ankakumba ndi makasu ndi manja. Ndinaona nsapato ya mwana ya pulasitiki, yapinki, itatsamira pamatope, ndipo mpaka lero ndikatseka maso ndimaiona. M'dziko lonse anthu oposa 600 anatsimikizika kuti amwalira, oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala.

Masiku atatu foni ya amayi sinkapezeka. Tsiku lachinayi anaimba pa foni ya mphunzitsi wina. Madzi anali atadzaza mudzi, khoma la kuchipinda kwawo litagwa usiku iwo atangotuluka, ndipo ankagona m'kalasi pamodzi ndi mabanja ena ambiri. Nkhuku zonse zinapita. Chimanga chimene chinali chitatsala pang'ono kukhwima chinagona m'matope. Anandiuza kuti madzi anadutsa pamene agogo ankanena kuti kale panali khwawa, malo amene anthu anamangapo nyumba zaka zambiri zapitazo. "Madzi saiwala khwawa," anatero, mawu ali ziii.

Akuluakulu amati kwadutsa Napolo, ngati uja wa ku Zomba mu 1946 ndi wa ku Phalombe mu 1991, pamene phiri la Michesi linagumuka. Dzinalo ndimalilemekeza, chifukwa limasunga chikumbukiro cha malo oopsa. Koma Napolo wa makolo ankadutsa kamodzi pa m'badwo. Mwana wanga wamwamuna, wa zaka 9, waona kale anamondwe angapo. Mvula ikayamba kulira pamalata usiku, amadzuka, n'kulonga makope ake m'jumbo, n'kudzakhala pamphepete pa bedi langa. Ife pa msinkhu umenewo tinkavula malaya n'kuthamangira panja kukavina pamvula. Iye amafunsa kuti, "Amayi, phiri silibwera?"

Mkulu wake, amene ali Fomu 2, anandifunsa tsiku lina kuti kodi walakwa ndani. Kutchalitchi ena amati ndi masiku otsiriza. Pa wailesi kawirikawiri amaloza chala owotcha makala. Ndinamuuza zimene ndikudziwa. Utsi wa malasha, mafuta a galimoto ndi gasi zimene mayiko olemera akhala akuwotcha kwa zaka zoposa 100 waunjikana mumlengalenga, ndipo umasunga kutentha ngati bulangete. Dziko latentha, moti 2024 chinali chaka chotentha kuposa zonse chiyambire kulemba. Mpweya wotentha umanyamula chinyezi chambiri, ndiye ikati igwe imakhuthuka nthawi imodzi. Nyanja yotentha imapatsa mphamvu anamondwe. Ndipo ikadula, dzuwa limayamwa chinyezi m'nthaka msanga kuposa kale. El Niño ndi wakale, amachokera ku nyanja ya Pacific ndipo amabwera n'kupita, koma masiku ano akumapeza nthaka yotentha kale. Pa utsi wonsewo, gawo la Malawi ndi laling'ono zedi. Amayi sanakhalepo ndi galimoto, ndipo nyumba yawo sinalowepo magetsi.

Komabe mbali yathu ilipo, ndipo sindinamubisire. Mitengo singaletse namondwe kubwera, koma imagwira nthaka ndi kuchepetsa liwiro la madzi. Soche ndi Ndirande ndi mapiri ometedwa mpala. Nkhalango imene tinkazulamo bowa kumudzi inatha, ndipo bowa anapita nayo limodzi. Pamenepo sitinganamizire mayiko akunja. Mitsinje yothira mu Chilwa imabwera ndi dothi la m'minda ya kumtunda n'kumakwirira nyanja. Ine amene ndikulemba izi ndimaphikira makala. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo tonse m'tauni tinathamangira ku mbaula. Mnyamata amene amandigulitsa makala amachokera kutali, amakankha njinga usiku wonse, ndipo anandiuza kuti anayamba ntchitoyi munda wake utakokoloka. Ndimalephera kumuona ngati mdani. Chimene chimandipweteka n'choti tonse tikudula nthambi imene takhalira, tikudziwa, koma pothawira palibe.

Kunyumba kwathu zinthu zatembenuka mwakachetechete. Nditangoyamba ntchito, mwezi wa Meyi kapena Juni amayi ankanditumizira thumba la chimanga pa basi, pamwamba atamangirira kamtolo ka mfutso, nandolo ndi matemba owamba. Unali ulemu wawo, kunena kuti mwana wanga ali m'tauni koma amadya za kwawo. Tsopano thumba limayenda chobwerera. Ine ndimagula chimanga mu Blantyre kapena kutumiza ndalama, ndipo amayi polandira amapepesa, ngati alakwa. Nkhokwe imene inali pakati pa bwalo inaphwasuka, ndipo palibe anaganiza zoluka ina. Zokolola za masiku ano zimakwana pakona ya chipinda.

Achimwene anapita ku Joni chilala cha 2016 chitatha, akuti akagwire ntchito chaka chimodzi. Ana awo akula akuwadziwira pa WhatsApp. Mwana wa achemwali anasiya sukulu chaka cha Freddy, chifukwa sukulu inasanduka msasa, kenako panalibe chakudya, kenako panapezeka mwamuna wogulitsa nsomba amene ankati amukwatira. Anali ndi zaka 15. Tinakhala pansi ndi amalume, ndipo ndinamutenga. Pano ali ndi ine kuno, wabwerera m'kalasi. Anzake awiri a msinkhu wake ali ndi ana kumsana. M'malipoti a za nyengo zimenezi sizilembedwa pafupi ndi mamilimita a mvula, koma kwa ife ndi nkhani imodzi.

Ngakhale masika asintha. Kale tikakolola kunkakhala maukwati, zinamwali, thobwa m'migolo, alendo kugona sabata. Masiku ano mwambo ukachitika, anthu amayamba awerenga mbale za ufa. Ndi chisanu chomwe sichikudziwika bwino: chiperoni chija chinkatikuta mu Juni ndi Julayi, chifunga ndi kamvula kowaza kamene kankathandiza mbatata ndi nandolo, chaka china chimabwera, chaka china osaoneka.

Amayi sanakhale pansi kudandaula. Munda anaugawa. Mbali ina amabzala chimanga chocha msanga, mbali ina chamakolo chimene sichifumbwa msanga ndipo ufa wake amaukonda. Nandolo wachuluka pakati pa mizere, chifukwa mizu yake imapita pansi ndipo amapirira dzuwa. Anawonjezera chinangwa ndi mbatata, anabwezeretsa mapira amene anawasiya kalekale. Mapesi saotchanso, amawayala m'munda kuti asunge chinyezi, monga anawaphunzitsira alangizi. Chilimwe amalima kadimba kufupi ndi dambo, kuthirira ndi ndowa. Ntchito yachuluka kuposa kale, pamene thupi likutha. Ndikawauza kuti abwere adzakhale nafe m'tauni amakana. Amati, "Ndikachoka, manda a amayi anga alambula ndani?"

Ndiye Lachiwiri lija ndinatsegula foni n'kufufuza uthenga wa a nthambi yoona za nyengo. Ankanena kuti madera a kummwera alandira mvula masiku angapo, kenako ichepa, ndipo ankalangiza alimi kudikira mpaka nthaka itanyowa mokwanira. Ndinawawerengera amayi mawu ndi mawu. Anamvetsera, kenako anafunsa, "Nanga ichepa masiku angati?" Ndinati sananene motsimikiza. Anaseka pang'ono, kuseka kotopa. "Basi, ndibzala theka. Theka lina ndisunga. Ikandinamiza, isanditengere zonse."

Anabzala m'mawa mwake, iwo ndi mdzukulu wawo mmodzi, kuyambira kumunsi kumene chinyezi chimakhalitsa. Mbewu yotsalayo anaithira phulusa n'kuitsekera m'chigubu, n'kuika pansi pa bedi. Panadutsa masiku asanu ndi anayi kuli ngwee. Tsiku lililonse ndinkatuluka mu ofesi masana kukayang'ana kumwamba chakummawa, kumene kuli kwathu, ngati kuti ndingaone mitambo ya ku Zomba ndili mu Blantyre.

Usiku wa tsiku lakhumi, cha m'ma 11 koloko, foni inalira. Mtima unagunda, poti foni ya usiku kawirikawiri ndi ya maliro. Amayi sanalankhule. Anangokweza foni kuloza kudenga, ndipo ndinamva mvula ikulira pamalata, yodekha, yopanda mphepo, kumbuyo kwake achule akuyankhizana kudambo. Ndinadzutsa mwana wanga wamwamuna n'kumuika foni pakhutu. Anamvetsera, maso ali tong'o, kenako anafunsa agogo ake ngati sakuopa. Ndinawamva akuyankha kuti, "Iyi ndi yabwino, mwamuna wanga, iyi ndi ya chimanga. Mawa ngumbi zituluka, ndikusungira."